Chitofu Chopanda Mwaye

Nyumba zathu zili pambali pa msewu wafumbi wopita ku Palabana, mizere itatu ya zidina zasimenti zofolera malata. Anatimangira ndi a bungwe lina la mpingo, kuti muzikhala akazi amasiye, nkhalamba ndi ena opanda kolowera. Ine ndinalowamo mwamuna wanga atamwalira, abale ake atandilanda nyumba ndi zonse za m'katimo, n'kundisiya ndi ana aakazi awiri ndi mtondo wong'aluka. Kwathu ndi ku Katete, koma ndinachokako ndili mtsikana ndipo kulibe wondidikira. Choncho sindinganyoze nyumba yaulere. Komabe zoona zake n'zakuti nyumbazo zinkatizunza. Mu Okutobala malata ankatiwotcha mpaka tinkathawira pansi pa mitengo, ndipo mu Juni ankatola chisanu chonse cha kudambo n'kutikhuthulira. M'mamawa madzi ankadontha kuchokera kumalata n'kunyowetsa zofunda. Mwana wanga wamng'ono ankatsokomola nyengo yonse yozizira, chaka ndi chaka.

M'nyumba yomaliza ya mzere wathu munkakhala mkulu wina yemwe tonse tinkangoti ba shikulu, kutanthauza agogo. Anali Msoli, mtundu wa kuno komweko, mwini nthaka weniweni, ndipo sankalola kuti tiiwale zimenezo. Moyo wawo wonse anagwira ntchito yokama ng'ombe m'mafamu a ku Palabana, ndipo zala zawo zinapindika ndi nyamakazi moti batani la malaya linkawakanika. Akazi awo anamwalira kalekale. Ana awo aamuna anagulitsa munda kwa anthu a ku Lusaka ofuna mapuloti, n'kusowa ngati anamira. Musaganize kuti anali nkhalamba yokoma m'kamwa. Ankatitchula kuti "imwe obwela", ankati akazi a Kummawa timathira mchere ngati tikufutsa nyama ya chaka chamawa, ndipo ana akasewera pafupi ndi khomo lawo ankawalozera ndodo. Ine ndi iwo tinkakangana kawirikawiri, chifukwa nanenso pakamwa panga sipachedwa.

Ba shikulu sankaphika. Sanaphunzirepo, ndipo ndi zala zimenezo ngakhale mthiko sakanaugwira. Komanso sankapempha chakudya kwa munthu. Chomwe ankachita ndi kupala moto. Nthawi imeneyo tonse tinkaphikira panja pamafuwa, ndipo munthu akaima pakhomo pake ankaona mzere wonse: kwa uje mbatata zapsa, kwa uje akuphula maungu. Ba shikulu ankavala jekete yawo yotuwa, kutenga phale, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka pakhomo pomwe mphika wangotsika kumene pamoto.

"Odi kuno. Nipempheko mulilo."

"Mwatipeza, ba shikulu. Nkhalani, sambani m'manja."

"Awe, nadya kudala. Nabwelela chabe mulilo."

"Nkhalani imwe. Mulilo siuthaba."

Ankakana mokwanira kuti ulemu usungike, kenaka n'kukhala pachitsa. Akatha kudya ankanyoza ndiwo pang'ono, kutola makala oyaka n'kuika paphale, ulendo wobwerera. Kunyumba kwawo ankawothera manja makalawo mpaka atazima. Sankabwera khomo limodzi masiku otsatizana. Ankazungulira mzere wonse mwanzeru moti palibe yemwe akanati walemedwa. Tonse tinkadziwa kuti chomwe akufuna si moto, ndipo iwo ankadziwa kuti tikudziwa. Kwathu kuno munthu wokupeza ukudya sapempha, umamuitana ndiwe, ndipo wodya moitanidwa sachita manyazi ndi aliyense. Umu ndi momwe nkhalamba yopanda wachibale inkakhutira tsiku lililonse osatambasula dzanja.

Chaka china mvula itangotha kunabwera mtsikana wa ku bungwe lija, wa kumaofesi ku Lusaka, wovala nsapato zoyera zosayenerana ndi fumbi lathu. Anatisonkhanitsa pamthunzi wa mango n'kutiuza zomwe tinkazidziwa kale, zoti nyumba zathu zimataya kutentha ndipo mafuwa athu amamaliza mitengo. Anati abweretsa zinthu ziwiri. Choyamba chinali zitofu zadothi zomangira m'tikhitchini tathu, zodya nkhuni zochepa. Chachiwiri chinali siling'i, yoti itchinge malata kuti chisanu ndi kutentha zisamatigwere pamutu. Atatchula siling'i, amayi analulutira. Kenaka ananena kuti zipangizo za siling'i za chaka chimenecho zingokwanira mzere umodzi, ndipo upata ndi mzere womwe udzawotche nkhuni zochepa koposa. Anatulutsa sikelo yopachika m'chikwama n'kutionetsa. Anati azibwera kudzayeza mitolo ya nkhuni khomo ndi khomo, yolowa ndi yotsala.

Sindikhulupirira kuti mtsikanayo anali woipa mtima. Anangoponya fupa limodzi pakati pa anthu ozizidwa, n'kukwera galimoto.

Mzere uliwonse unali ndi wapampando wake. Wathu anali mayi wina wojintcha, wamasiye ngati ine, yemwe anakhalapo zaka zambiri m'makomboni a ku Lusaka akugulitsa salaula, zovala zakaunjika. Tinkawatchula kuti ba cheya. Anali olimbikira ntchito, otsogolera nyimbo kutchalitchi, ndipo akafuna chinthu ankachipeza basi. Madzulo a tsiku lomwelo anatiitana n'kunena kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo denga lake ndi lomweli la siling'i. Anaika malamulo. Mafuwa onse atayidwe kudzala. Kuphika kuzichitikira m'khitchini chitseko chili chotseka, kuti mphepo isadye moto. Ukatha kuphika, solola nkhuni zotsala n'kuzikwirira mumchenga. Zosunga moto kuti uzipezeka masana onse zithe.

Ndinene chilungamo, zitofuzo zinali zabwino. Tinaziumba tokha ndi dothi la pachulu ndi njerwa, pakamwa pake pang'ono, polowa timitengo tating'ono. Mtolo womwe kale unkatha msanga unayamba kukhalitsa. Utsi unasiya kundiliza maso, msana unapumako kusenza nkhuni kuchokera kuphiri. Chitofucho chinkatentha timitengo mpaka kutsala phulusa lokha, ndipo khala loti n'kupatsa mnzako silinkatsala.

Masiku oyamba ba shikulu ankaima pakhomo pawo phale lili m'manja, kuyang'ana mzere wonse uli zii, wopanda moto ngakhale umodzi wooneka. Anayamba kungoyerekeza nthawi. Pena ankafika mphika usanawire, pena titatsuka kale mbale. Tsopano ankachita kugogoda pachitseko, ndipo kugogoda si chimodzimodzi ndi kukupeza panja. Ena tinkawatsekulira n'kuwakhazika pansi monga kale. Kuti apite ndi khala paphale, ndinkaponyamo dala kachikuni kokulirapo. Akazi a mzere wapakati anaziona, n'kuyamba kutiseka kumjigo kuti nkhalamba yanu ija ikudyerani siling'i. Mawuwo anafika kwa ba cheya asanazizire.

Loweruka lina masana anatiitana tonse kukhomo kwa ba shikulu. Anali atatuma kale amayi awiri kuwaumbira chitofu m'khitchini mwawo, ndipo mafuwa awo akale, omwe sankaphikirapo n'komwe, anali atatayidwa. Ba shikulu anakhala pampando wawo panja, jekete ili pathupi, osadziwa chomwe taitanirana. Ba cheya anabwera atasenza mtolo wa nkhuni zowaza bwino, n'kuutula pakhoma. Kenaka anagwada. Anagwada bwinobwino, mawondo onse pansi, monga amachitira mkazi woleredwa pamaso pa wamkulu. Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa bokosi la machesi, n'kulipereka ndi manja awiri.

"Ba shikulu, taona muvutika maningi kuyenda-yenda na mendo yobaba," anatero mokweza kuti aliyense amve. "Manje tamigulilani machisa. Chitofu muli nacho, nkhuni izi apa. Simuzavutikanso kupempha mulilo pa bantu."

Amayi anaomba m'manja, ena mosadziwa, ena modziwa. Ba shikulu analandira bokosilo ndi zala zawo zopindikazo. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, osafulumira, ndipo atafika pa ine ndinayang'ana pansi. Kenaka anati, "Zikomo, ba mayo." Anadzuka, kulowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Ndaonapo nkhanza zambiri pamoyo wanga. Alamu anga anachotsa bedi ine ndikulira pamphasa. Koma iwo sanandigwadire. Ndinawatsatira ba cheya mpaka kuseri kwa nyumba yawo, mtima ukuwira.

"Ba cheya, muziba bwino kuti si mulilo bafuna ba shikulu."

"Ngati bafuna vakudya bakambe," anayankha akukutumula fumbi m'mawondo. "Kamwa bali nako, kamene batukana nako ise. Ine nabapasa vamene bapempha."

"Muzabapaya na njala."

"Ba neba, uja akhosomola mpaka kusanza si mwana wanu? Mufuna siling'i olo simufuna?"

Ndinawauza zambiri zomwe sindingalembe pano, mpaka anthu anatulukira m'makomo. Iwo anangondiyang'ana ngati mvula yodutsa, n'kupitiriza kusesa.

Kuyambira tsiku limenelo phale silinaonekenso. Chomwe chimandipweteka mpaka lero n'chakuti sinali nyengo ya njala. Inali nthawi yokolola. Khomo lililonse linali ndi mbatata, maungu, mtedza, nzimbe. Nkhuku zinkakhuta. Pa mzere wonse wokhuta, m'nyumba imodzi yokha ndimo munalibe cholowa m'kamwa, ndipo inali pamtunda woti ukaitana munthu amamva.

M'mawa wotsatira tsiku la machesi lija ndinatenga mbale ya phala lamtedza n'kupita nayo. Anatsekula chitseko pang'ono, kuyang'ana mbale, kuyang'ana ine.

"Nadya kudala. Pelekani ku bana."

Ndinaisiya pakhonde n'kuchoka, ndikuganiza kuti akaona palibe wowaona adya. Masana ndinapeza mbale yanga ili pakhomo panga, phala lili momwemo, litauma pamwamba. Tsiku lotsatira ndinayesanso, ndipo anandiuza kuti iwo si galu woikira mbale pakhonde. Ndinasintha nzeru n'kuwaitana kuti abwere adzadyere kwathu. Anandifunsa kuti abwere kudzachita chiyani kwathu, popeza machesi ali nawo. Apo ndinapsa mtima. Ndinawakalipira kuti ndi nkhalamba yodzikuza, kuti ulemu sautafuna, kuti akafa tidzawaika ndi jekete yawoyo basi. Anamvetsera mpaka nditamaliza, n'kutseka chitseko mwaulemu.

Amayi ena awiri anayesanso kutumiza mbale, zinabwezedwa, n'kusiya. Ambiri anapuma. Ndinkawamva kumjigo akunena kuti mkulu uja ankatinyoza mchere, tsopano athire wake. Ba shikulu anayamba kupita kudambo m'minda yomwe eni ake akumba kale, kukakunkha timbatata totsalira. Ankadya tosaphika, ndi mano ochepa omwe anali nawo. Ndinawaona tsiku lina atakhala pamzere akuvutika kupala kambatata ndi chikhadabo, ndipo atandiona anakaponya m'thumba n'kuyamba kuyang'ana mitambo.

Mtsikana wa sikelo ankabwera monga analonjeza. M'mawa wa tsiku loyeza ndinaona ba cheya akupita kukhoma kwa ba shikulu, komwe mtolo uja unali chiikireni. Anasolola nkhuni zingapo, kuzibisa m'chitenje n'kupita nazo kukhitchini kwawo. Ankadziwa kuti mtolo ukapezeka wathunthu mtsikanayo afunsa. Choncho nyumba ya ba shikulu inkaoneka ngati ikuwotcha pang'onopang'ono, ndipo mtolo wa ba cheya nawonso unkachedwa kutha. Ankachita zimenezi nthawi iliyonse yoyeza, ndipo sankasamala ngakhale ndikuwaona.

Ndinamukokera pambali mtsikanayo n'kumuuza kuti m'nyumba yomaliza simuyaka moto ndipo mwini wake sakudya. Anadzidzimuka, n'kupita komweko nthawi yomweyo, ine ndili pambuyo. Ba shikulu anatuluka ataimika msana ngati msilikali, jekete itamangidwa ndi chingwe chifukwa inali itayamba kuwakulira.

"Ba shikulu, mudya bwino?" anafunsa mtsikanayo atapinda bondo pang'ono.

"Nidya bwino, mwana wanga."

"Chitofu chisebenza?"

"Chabwino maningi. Aba bamayo bakonda chabe nkhani."

Mtsikanayo anandiyang'ana ngati mayi wamiseche, n'kupita kukapachika sikelo yake. Akanangolowa m'khitchinimo akanaona yekha. Koma mwana woleredwa salowa m'nyumba ya wamkulu asanauzidwe, ndipo ba shikulu anali ataima pakati pa khomo.

Chisanu chitafika pachimake ndinaganiza nzeru yomwe ndinkaiona ngati yakupsa. Ndinati popeza iwo sangabwerenso kudzapala moto kwa ine, ndipite ineyo ndikapale kwa iwo. Ndinaganiza kuti akandiuza kuti moto alibe, ndiwayatsira chitofu chawo ngati ndikudzithandiza ndekha, ndiwotche mbatata zanga pomwepo, ndipo iwo adzakhala kuti andipeza ndikudya. Ndinamanga mbatata m'chitenje, kutola phale kuseri kwa nyumba, n'kukagogoda.

"Odi, ba shikulu. Machisa yanga yasila. Nipempheko mulilo."

Chitseko chinatseguka chonse ulendo uno, mwina chifukwa analibenso mphamvu zochigwira. Ndinaona mpaka m'khitchini. Chitofu chinali chofiirira monga tsiku lomwe chinaumbidwa, zizindikiro za zala za owumba zikuonekabe. Bokosi la machesi linali pawindo. M'nyumbamo munkazizira kuposa panja. Ba shikulu anayang'ana phale langa nthawi yaitali.

"Mulilo nilibe," anatero.

"Lekani niyashe pano, niwoche tukandolo utu. Kwanga bana bachita chongo, ni phokoso chabe."

Ndinaponya phazi kuti ndilowe, koma anatchinga ndi ndodo.

"Mwabwela kuniseka," anatero motsitsa. "Mwabwela na phale pa nyumba yanga. Yendani mukauze banzanu kuti mudala alibe na mulilo wopasa muntu."

Ndinalumbira kuti si choncho, koma anali atatembenuka kale. Sindinaganizepo kuti kwa munthu ngati iwo, kupemphedwa moto n'kulephera kupereka kunali kowawa kuposa kupatsidwa machesi. Ndinamenyetsa phalelo pamwala wa m'njira mpaka linasweka tizidutswa, ndipo ndinafika kunyumba ndikulira ndi ukali. Ndinakwiyira iwo, ndinakwiyira ba cheya, ndinakwiyira mtsikana ndi sikelo yake.

Ba shikulu anali ndi chizolowezi chotuluka m'mawa kukakhala potsamira khoma la kum'mawa, kuwothera dzuwa. Dzuwa likasuntha, nawonso ankasuntha mpando. Tsiku lina mu Julayi ndikuchokera kumjigo ndinaona kuti mthunzi wawaphimba koma iwo ali pomwepo. Ndinatula ndowa n'kuthamanga. Anali akupuma movutikira, thupi likutentha, maso ali gwa. Tinapeza kagalimoto konyamula mkaka kuti kawatengere kuchipatala kuboma, ndipo powakweza ndinawanyamula ndekha. Mwamuna wamtali uja ankalemera ngati mtolo wa mapesi. Namwino anati ndi chibayo, kenaka anakweza malaya awo, kuyang'ana nthiti, n'kundifunsa kuti kodi munthuyu amakhala ndi ndani. Ndinati amakhala ndi ife. Sanathe sabata.

Maliro kwathu kuno ndi moto. Pakhomo pa womwalira pamayaka zitsa usana ndi usiku, ndipo amayi amaphikira khamu pamafuwa ndi miphika ikuluikulu. Nkhuni zake zikanachokera m'mitolo ya mzere wathu. Ba cheya anaziona msanga. Masana amodzi okha, ndi foni yawo, anapeza mdzukulu wa mlongo wa ba shikulu kumudzi kwa Nkomeshya, munthu yemwe zaka zonsezi palibe anamufunafuna. Anamuuza kuti Msoli saikidwa ndi obwera, ayenera kukagona pakati pa makolo ake. Maliro anakachitikira kumeneko, ndipo pakhomo pa ba shikulu sipanayake ngakhale kachitsotso.

Tinapita pa lole. Kumaliroko chakudya chinali chambiri, anapha ndi mbuzi. Ba cheya anatsogolera nyimbo mpaka mawu anasasa, ndipo anthu a kumeneko anawathokoza posamalira nkhalamba yawo. Pobwerera, lole ikutigwedeza, mayi wina anati komabe mkulu uja anafa momvetsa chisoni. Ba cheya anapukusa mutu n'kunena kuti manyazi anapha lambe. Akanapanda kundigwira amayi awiri, bwenzi mmodzi wa ife atatsika lole ikuyenda.

Siling'i tinapata ndife. Anaikhoma chisanu chisanathe, ndipo ndi yabwino. Malata sadonthanso, Okutobala timakhala m'nyumba, ndipo mwana wanga anasiya kutsokomola. Sindinaikane, ndipo sindinama kuti ndinaganizapo zoikana. Koma tsiku lomwe anatiuza kuti tapambana ndimalikumbukira kuposa tsiku lomwe anaikhoma.

Kunabwera magalimoto oyera, mtsikana uja ndi akuluakulu ake, ndi alendo ochokera kunja omwe ankathandiza bungwelo. Tinavala zitenje zofanana n'kuwaimbira. Mtsikanayo analengeza kuti mzere wathu ndiwo wawotcha nkhuni zochepa, ndipo kuti chatipambanitsa ndi nyumba imodzi, yomaliza, yomwe yasunga nkhuni modabwitsa. Anati alendo akufuna kuiona ndi kugwira chanza mwini wake. Ba cheya anali asanamuuze za maliro, poopa kuti nyumba yopanda munthu ingachotsedwe pampikisano. Kiyi anali nawo iwo. Anatsekula, alendo analowa m'khitchini, n'kuyamba kujambula chitofu chopanda mwaye ndi mafoni awo, akuyamikira ukhondo wake. Mtsikanayo anasuzumira panja n'kufunsa kuti ba shikulu ali kuti.

"Banamwalila," ndinatero ndili pakhomo, mokweza. "Banamwalila na njala. Icho chitofu sichinayakepo olo kamozi. Ninamiuzani."

Mtsikanayo anagwira pakamwa, misozi n'kulengeza. Alendo anamufunsa kuti mayiyu akuti chiyani. Anayang'ana akuluakulu ake, kenaka anayankha m'Chingerezi mawu ochepa kwambiri, ochepa kuposa omwe ndinanena ine. Alendowo anagwedeza mitu mwachisoni, mmodzi anaika dzanja pachifuwa. Kenaka wina anayang'ana wotchi, n'kufunsa ngati n'kotheka kuona chitofucho chikugwira ntchito asanabwerere ku Lusaka.

Ba cheya anali atakonzeka kale. Anatuma munthu kukatenga mphika ndi mbatata zosenda, n'kusolola timitengo pamtolo wa ba shikulu womwe unali pakhoma. Anatambasula dzanja pawindo n'kutenga bokosi lija. Linali lodzaza, ndipo kamtengo koyamba komwe kanayaka. Chitofucho chinagwira moto bwino kwambiri, popanda utsi, ndipo mbatata zinapsa alendo asanatope kudikira. Anaziika m'mbale, kuwayalira mphasa m'nyumba momwemo, n'kuzungulira ndi beseni la madzi. Alendo ankadya akuuzira zala, akunena kuti n'zokoma.

Ine ndinali ndikanaima pakhomo paja. Ba cheya anadzutsa mutu, kundiona, n'kumwetulira pamaso pa alendo onse.

"Ba neba, mwatipeza," anatero. "Nkhalani, sambani m'manja."